Golosale ya pakona ndi umbava wa m'dera: mmene mungadziwire zoona musanakaitseketse

Umbava ukachitika kawiri katatu motsatizana m'dera, msonkhano wa kwa amfumu suchedwa kupeza wolakwa. Wina amaimirira n'kunena kuti zonsezi zikuchokera pa golosale ya pakona paja, poti anyamata amachezapo mpaka usiku. Anthu amagwedeza mitu, ndipo pofika pa pemphero lotsekera nkhani imakhala yagamulidwa kale: golosaleyo itsekedwe basi.

Ine ndili mu komiti ya chitetezo cha m'dera kwathu kuno ku Bangwe, ndipo chigamulo chotere chimandiwawa ndikamachimva. Kawirikawiri chimagwera munthu amene nayenso akulira ndi mbava zomwezo, pamene mbavazo zimangosuntha pang'ono n'kumakadikirira anthu pamlatho. Komabe sindinganame kuti magolosale onse ndi oyera. Alipo ena amene eni ake amadyera limodzi ndi akuba, ndipo amenewo ayenera kutsekedwa ndithu. Chovuta n'choti ukamadutsa pamsewu onse amaoneka chimodzimodzi: benchi pakhonde, wailesi, anyamata. Kuwasiyanitsa n'kotheka, ndipo sikulira ndalama. Mungofunika kope, cholembera ndi anthu ochepa odekha mtima.

Yambani ndi kope

Gulani kope wamba la ana asukulu, musankhe munthu mmodzi wosunga chinsinsi kuti azilisunga. Chilichonse chochitika m'dera chizilowa m'menemo: tsiku, ola, malo, chimene chabedwa kapena chimene chachitika, kumene wakubayo anatulukira ndi kumene anathawira.

Pa malo m'pamene muyenera kusamala kwambiri. "Cha kugolosale" si malo. Lembani kuti "pakhonde penipeni pa golosale," kapena "kanjira kakuseri kopita kumjigo," kapena "pamlatho, patadutsa nyumba zisanu ndi imodzi kuchokera pagolosale." Munthu akamafotokoza pamene anamulanda foni amatchula chinthu chodziwika chimene chili pafupi, ndipo m'madera mwathu muno, momwe tinjira tilibe maina, chodziwikacho chimakhala golosale. N'chifukwa chake dzina la golosale limamveka m'nkhani zambiri za umbava zimene sizikuikhudza n'komwe. Mumufunse woberedwayo modekha kuti, "Amayi, tandilondolerani bwinobwino, munaima pati?" Ngati angathe, mupite naye masana akakulozereni.

Lembani zokhazo zimene mwamva kwa mwini nkhani kapena kwa amene anaona ndi maso. Za "akuti akuti" zisalowe. Musadalirenso zakupolisi zokha, chifukwa munthu akalandidwa foni ya mabatani kapena ndalama ya ndiwo kawirikawiri sapita kukanena. Funsani amayi olawirira ku kiyosiki ya madzi, a kabaza, ogulitsa mandasi, makondakitala a minibasi amene amanyamuka kusanache, alonda amene amabwerera kwawo m'bandakucha. Amenewa ndi amene amayenda nthawi yoopsa, ndipo amadziwa kanjira kalikonse kamene amakapewa.

Patsamba lapakati la kopelo jambulani mapu a dera lanu: msewu, golosale, mashabini, chigayo, mlatho, nyumba zosatha, malo a tchire. Nkhani iliyonse muziikira kadontho pamalo pake. Chitani zimenezi miyezi iwiri kapena itatu, kuti mudutsemo mapeto a mwezi angapo, poti anthu akalandira malipiro zinthu zimasintha. Lembaninso ngati magetsi anali atazima usiku umenewo, komanso ngati ndi nthawi ya dzinja pamene chimanga cha m'mapuloti chatalika n'kubisa tinjira.

Timadontho timeneti sitidzamwazika dera lonse. Tidzaunjikana malo awiri kapena atatu, ndipo zimenezi si za kwathu kokha. Mu 1989 Lawrence Sherman ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atawerenga mafoni onse oitana apolisi a chaka chathunthu mumzinda wa Minneapolis ku America: theka la mafoniwo linachokera pa malo okwana 3 peresenti yokha ya malo onse a mumzindamo. Ku Seattle, mzinda wina wa ku America, David Weisburd anatsatira milandu ya zaka 14 ndipo anapeza kuti theka lake linkachitikira m'tizigawo ta misewu tokwana pafupifupi 5 peresenti. Ndiye aneba anu akamanena kuti pali malo amodzi amene akuvutitsa, sakulota. Funso ndi lakuti malowo ndi ati kwenikweni, ndipo chikuwachititsa n'chiyani.

Poyang'ana mapu anuwo, fananizani maola. Ngati golosale imatseka 8 koloko, koma anthu akumenyedwa cha m'ma 11 koloko usiku, golosaleyo ilibe mlandu. Mwinanso mupeza kuti zoipa zimayamba babu la pagolosale likangozima. Kumbukiraninso kuti pamene pamadutsa anthu ambiri pamachitika zambiri. Pagolosale pamene palinso ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba m'pamene mafoni ndi ndalama zimatuluka m'matumba, ndiye wotsomphola amakokedwa ndi zimenezo monganso amakokedwera kudepoti ya minibasi. Choncho yerekezani golosale yanuyo ndi ina yofanana nayo kukula ya m'dera lomwelo. Ngati ina ili ndi makasitomala ochuluka chimodzimodzi koma ilibe kadontho ngakhale kamodzi, ndiye kuti pa yanuyo pali chinachake choti mufufuze.

Kakhaleni pakhondepo

Kope limakuuzani malo ndi nthawi, koma chifukwa chake mukachiona ndi maso. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani ngati kasitomala, mugule Fanta kapena mtedza, mukhale pansi. Musajambule anthu zithunzi, musafunse mafunso, musapite mutavala chovala cha komiti. Muzisinthana: tsiku lina abambo, tsiku lina amayi, tsiku lina mnyamata wamsinkhu wa anthu okhala pabenchipo, chifukwa aliyense amaona zosiyana. Pitani masana, pitani chakumadzulo, pitaninso Lachisanu la kumapeto kwa mwezi.

Anyamata kukhala pabenchi si mlandu, ndipo ndikupempha kuti mulowe ndi mtima umenewo. Ambiri mwa iwo amagona m'chipinda chimodzi ndi abale awo, ntchito kulibe, ndipo pagolosale m'pamene pali kuwala, bawo, potchajira foni ndi wailesi yomvera mpira. Mfuu ya "wakuba!" ikamveka, oyamba kuthamanga amakhala omwewa. Mukawathamangitsa onse mwachisawawa, mwachotsa alonda amene simumawalipira.

Wofunika kumuyang'ana ndi wina. Usiku wina wa malipiro ndinakhala pakhonde la golosale ina, anthu ali pamzere kwa ejenti. Anyamata anayi anali pa bawo, akukangana za mpira, maso awo ali pa nkhomo. Koma wina anaima payekha atatsamira khoma, pamene kuwala kwa babu kumathera, atasolola chipewa. Sanagule kanthu, sanaseke ndi anzake. Maso ake anali pa manja a ejenti. Mayi wina atawerengeredwa ndalama n'kuzimanga pa nsonga ya chitenje, mnyamatayo anatulutsa foni, anadina kamodzi, n'kuibwezera m'thumba. Mayiyo anatsikira njira ya kumlatho. Tinamutumira anyamata awiri a pa bawo aja kuti amuperekeze, ndipo woima pakhomayo ataona zimenezo anachoka mwakachetechete. Mwini golosale sanaone chilichonse, chifukwa zenera lake linali lotsekeka ndi makatoni a sopo ndi zikwangwani za mayunitsi.

Zinthu zoti muzione ndi zoterezi. Kodi wogulitsa amatha kuona pakhonde ali mkati? Kodi malonda onse amachitikira pa kauntala, kapena ena amazembera kuseri n'kutuluka akupisa m'thumba? Kodi alipo obwera ndi katundu wokulunga n'kubwerera chimanjamanja? Kodi ana amagulitsidwa midoli, timabotolo ta mowa waukali tija? Ndipo chachikulu pa zonse: wina akayamba kutukwana kapena kuvutitsa atsikana odutsa, alipo amene amamuletsa, ndipo akamuletsa amamva?

Mukaphatikiza kope ndi zimene mwaona, golosale yanu idzagwera mu umodzi mwa mitundu itatu, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Golosale imene nayonso ikuberedwa

Iyi ndi yofuna thandizo. Timadontho tambiri tili pagolosale chifukwa mwini wake ndi amene akuthyoleredwa, kulandidwa ndalama potseka, kapena makasitomala ake akutsatiridwa. Muuzeni achotse makatoni ndi mapepala pazenera kuti aziona kunja, a kunja azionanso mkati. Aike babu kutsogolo ndi lina m'mbali, makamaka la sola kuti magetsi akazima pasade. Ndalama zisagone m'kabati: aziika mufoni kapena kubanki dzuwa lisanalowe, ndipo asamawerengere pa kauntala anthu akuona. Potseka asakhale yekha, ndipo asamayende njira imodzimodzi pa ola lomwelo tsiku lililonse.

Njira zimenezi zinayesedwapo. Mzinda wa Gainesville ku Florida, ku America, utatopa ndi achifwamba olanda m'masitolo ang'onoang'ono, unakhazikitsa lamulo mu 1986 loti mazenera azikhala oonekera, kunja kuziwala, m'kabati muzikhala ndalama zochepa, ndiponso ogulitsa azikhala awiri kuyambira 8 koloko usiku mpaka 4 koloko m'mawa. Kulanda kunatsika kwambiri m'zaka zotsatira. Ofufuza amatsutsanabe kuti mwa njira zonsezo imene inathandiza kwambiri ndi iti, koma palibe imodzi mwa izo imene inafuna kutseka sitolo. Inu a komiti mungathe kukhala munthu wachiwiri uja: olondera usiku ayambe ulendo wawo pagolosale pa nthawi yotseka.

Golosale imene khonde lake lilibe mwini

Mtundu uwu ndi umene umapezeka kwambiri, ndipo ndi umene umakwiyitsa aneba. Mwini golosale si wakuba, koma zochitika pakhonde lake sazilamulira. Kawirikawiri amakhala kwina, pena ali ndi magolosale angapo, ndipo anasiyapo mtsikana kapena mnyamata wochokera kumudzi amene amalandira pang'ono. Mwana wotere angauze bwanji abambo oledzera kuti chokani? Amangotsitsa maso n'kumapereka chenje. John Eck, wofufuza za umbanda ku America, anaonetsa kuti pakati pa malo amtundu umodzi, kaya mabala, kaya masitolo, kaya nyumba za lendi, ochepa okha ndi amene amabala mavuto ambiri, ndipo chimene chimawasiyanitsa ndi anzawo kawirikawiri ndi kayendetsedwe ka mwini malo.

Apa ndinene mosabisa: buledi, sopo ndi mafuta oyeza sizibweretsa ndewu. Chimene chimasintha golosale ndi mowa, makamaka waukali wotchipa womwera pomwepo. Zambia inaletsa tujilijili, masacheti a mowa akumeneko, mu 2012, kwathu kuno boma linaletsa masacheti mu 2015, koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo ta midoli, ndipo golosale zambiri zimausunga pansi pa kauntala. Golosale ikayamba kumwetsa anthu pakhonde yasanduka bala yopanda chimbudzi, yopanda mlonda, yopanda ola lotsekera, pakati pa nyumba za anthu.

Ola lotsekera lili ndi mphamvu kuposa mmene ambiri timaganizira. Mzinda wa Diadema, pafupi ndi São Paulo ku Brazil, unali umodzi mwa mizinda imene anthu ankaphana kwambiri m'dzikomo. Mu 2002 unalamula kuti mowa usagulitsidwe ikakwana 11 koloko usiku, ndipo ofufuza anapeza kuti anthu ophedwa anachepa ndi pafupifupi 9 mwezi uliwonse. Ku Baltimore ku America, malamulo atsopano a kagwiritsidwe ntchito ka malo amene anayamba mu 2017 anapatsa masitolo a mowa okhala pakati pa nyumba za anthu zaka ziwiri kuti asiye mowa kapena asamuke. Wofuna kupitiriza kugulitsa zakudya ndi zina analoledwa kukhala. Inunso cholinga chanu chikhale chimenecho: mowa wapakhonde uchoke, golosale itsale.

Kalankhulidwe ndi kamene kamapha kapena kuchiritsa nkhaniyi. Musamuitanire mwini golosale ku msonkhano wa anthu onse kuti akamuloze zala. Munthu akachititsidwa manyazi pagulu amauma mtima. Pitani awiri kapena atatu, amfumu akudziwa, nthawi imene malonda ali ozizira, monga cha m'ma 2 koloko masana. Ngati mwini wake sakhala pamenepo, mufunefuneni, musakalipire wantchito. Mukapatsana moni, yambani ndi mavuto ake: "Achimwene, ife tabwera kudzamva kwa inu. Malonda akuyenda bwanji usiku? Anakuvutitsaniponi?" Mudzadabwa zimene adzakuuzani, chifukwa ambiri amaopa anthu omwewo amene inu mukuwadandaula. Kenako mutsegule kope: "Taonani, bambo, mwezi wathawu ndewu zinayi zachitikira pakhonde panu, zonse itadutsa 9 koloko, zonse anthu atamwa." Kope silitukwana, ndipo munthu savutika kulivomereza.

Pemphani zinthu zooneka, zoti aliyense angathe kuona ngati zachitika kapena ayi. Kunena kuti "muzisamala" sikuthandiza. Nenani kuti pakhonde pasamwedwe mowa, mwana asagulitsidwe mowa kapena fodya ngakhale atanena kuti atumidwa ndi bambo ake, benchi lichoke m'mbali mwamdima libwere kutsogolo pansi pa babu, kampata ka kuseri katsekedwe ndi mpanda, wailesi itsike ikakwana nthawi yogona, ndipo madzulo pazikhala munthu wamkulu. Nanunso perekani kanthu. Lonjezani kuti olondera azidutsa, kuti woledzera akakana kuchoka akuimbireni ndipo mubwera, mwinanso musonkherane babu la sola. Zimene mwagwirizana zilembedwe, asayine iye, inu ndi amfumu, ndipo muikepo tsiku lodzakumananso.

Akakana, musathamangire kuopseza. Muli ndi makomo ena awiri. Loyamba ndi alandilodi: golosale zambiri ndi za lendi, ndipo mwini nyumba safuna kudana ndi dera lonse chifukwa cha munthu mmodzi. Lachiwiri ndi khonsolo. Chiphaso cha bizinesi ndi china, chiphaso chogulitsira mowa ndi china, ndipo malamulo amaika maola ogulitsira mowa komanso amaletsa kugulitsa kwa ana osakwana zaka 18. Golosale zambiri zogulitsa midoli zilibe chiphaso chachiwiricho. Lembani kalata kukhonsolo kudzera kwa khansala wanu, muikemo masiku ndi maola a m'kope, musunge kope lina la kalatayo, ndipo muzikafunsa pamene yafika. Kalata yokhala ndi masiku imayenda kusiyana ndi dandaulo la pakamwa.

Golosale imene ikudyera limodzi ndi mbava

Zizindikiro zake zimaoneka mukadekha. Mafoni ndi mawailesi amalowa ngati chikole cha ngongole ya mowa koma eni ake sabwera kudzawombola. Pamashelefu pali katundu wochepa, wafumbi, koma anthu sakutha kulowa ndi kutuluka kuseri. Chamba chimagulitsidwa poyera. Oberedwa angapo, osadziwana, akuti katundu wawo anamuona kumeneko. Kulandira katundu ukudziwa kuti ndi wakuba ndi mlandu paokha, ndipo wolandirayo ndi amene amapatsa mbava chifukwa chobera, poti wakuba wopanda msika amatopa.

Apa ntchito si yanunso nokha, ndipo musapite kukakambirana naye. Tengani kope mupite kupolisi, ku ofesi yoona za chitetezo cha m'madera. Pitani ngati komiti, kuti nkhani isakhale pa dzina la munthu mmodzi amene angadzavutitsidwe usiku. Maina a mboni aperekedwe kwa wapolisi wofufuza yekha, asawerengedwe pamsonkhano. Lembani dzina la amene wakulandirani ndi tsiku lake. Pakapita nthawi osaona kanthu, kaonaneni ndi mkulu wa polisiyo, muli ndi amfumu ndi khansala.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musalole gulu kugamula mlandu ndi miyala kapena petulo. Mu March ndi April 2016 ku Lusaka kunapezeka mitembo ingapo yochotsedwa ziwalo, ndipo mphekesera inafala yoti eni masitolo ochokera ku Rwanda ndi amene akuchita zimenezo pofuna zizimba za malonda. M'masiku ochepa masitolo oposa 60 anathyoledwa ndi kuberedwa m'makomboni, ndipo anthu awiri anawotchedwa. Apolisi atadzagwira oganiziridwa anayi, panali asilikali awiri, wogwira ntchito ku nthambi ya asilikali a ndege ndi sing'anga. Wa ku Rwanda panalibe. Ifenso tikudziwa ululu wake, chifukwa mu May 2008 ku South Africa anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zodana ndi obwera, ndipo abale athu ambiri anabwerera kumudzi pa mabasi atasiya zonse. Ndiye mukamva pamsonkhano wina akuti "amenewa ndi obwera, ndi amene atibweretsera umbava," mufunseni tsiku, ola ndi mboni, monga mmene mungafunsire golosale ikanakhala ya mwana wa amfumu. Mwini golosale wochokera ku Burundi, ku Rwanda kapena ku Mozambique ayezedwe ndi kope lomwelo.

Musanatseketse, werengerani chimene mutaye

Golosale ya pakona ndi imene imakongoza shuga pa 20 mwezi, imagulitsa ufa wa wokumani kwa amene sangathe thumba, ndipo ili ndi munthu amene ali maso anthu ena onse atalowa m'nyumba. Ikatsekedwa, babu lake limazima, mwana wotumidwa machesi amayenda mtunda wautali mumdima, ndipo kanyumba kopanda munthu kamasanduka pobisalira. Ku Los Angeles, Tom Chang ndi Mireille Jacobson anafufuza malo odyera amene akuluakulu a zaumoyo ankawatseka kwa masiku ochepa chifukwa cha uve. Zimene anafalitsa mu 2017 zinaonetsa kuti masiku amene malowo anali otseka, kuba kunkakwera pafupi nawo. Anthu olowa ndi kutuluka aja ndi amene ankaletsa akuba, iwo eni osadziwa.

Choncho ngati golosale yamtundu wachitatu yatsekedwa, musasiye malowo ali bwinja. Kambiranani ndi alandilodi kuti alowetsemo msanga munthu wina, kaya telala, kaya wometa, kaya golosale ina, ndipo babu lakunja liziyaka ngakhale nyumbayo isanapeze munthu.

Timadontho tikakhala kwina

Kawirikawiri mapu amakulozerani malo amene pamsonkhano sanatchulidwe: nyumba yosatha imene mwini wake ali ku Joni, puloti ya udzu wofika m'chiuno, kanjira ka pakati pa mipanda iwiri yaitali ya njerwa, mlatho wopanda nyali. Malo otere alibe munthu woti mumukalipire, n'chifukwa chake timawaiwala, koma ndi osavuta kukonza. Ku Philadelphia ku America, Charles Branas ndi anzake anatenga mapuloti osiyidwa mazanamazana, ena anawachotsa zinyalala, kudzalamo kapinga ndi kuikira kampanda kakafupi, ena anawasiya momwemo kuti afananize. Zotsatira zake zinatuluka mu 2018: m'madera osauka kwambiri, ziwawa za mfuti zinatsika ndi 29 peresenti pafupi ndi mapuloti okonzedwawo. Ku New York mu 2016 anaika nyali zowala kwambiri m'madera ena a nyumba za boma, ndipo milandu ikuluikulu yochitika panja usiku inatsika ndi pafupifupi 36 peresenti.

Ifenso tingathe ndi zikwanje zathu ndi makasu. Loweruka limodzi m'mawa dera lonse litchetche udzu wa m'tinjira. Mwini nyumba yosatha afunidwe kudzera kwa abale ake, atseke makomo ndi mazenera ndi njerwa kapena alowetsemo munthu woyang'anira. Nyumba iliyonse yoyang'ana kanjira iyatse babu lakunja, ndipo pamlatho musonkherane nyali ya sola, muikweze pamtengo wautali ndi kuiwotcherera kuti isazulidwe. Anyamata a pabenchi aja muwaitane pa ntchito imeneyi ndipo muwalowetse m'gulu lolondera. Amadziwa amene ali mlendo pakona kuposa wina aliyense wa mu komiti.

Mukasintha zinthu, kope lisatsekedwe. Pitirizani kulemba kwa nthawi yofanana ndi yoyamba ija, pa mapu atsopano, kenako muike mapu awiriwo pamodzi. Onani ngati timadontho tachepa kapena tangosamukira kanjira kena, ndipo musafananize mwezi wa dzinja ndi wa chilimwe ngati kuti ndi ofanana. Pamsonkhano wotsatira wa kwa amfumu muonetse mapu onse awiri popanda kutchula maina a oberedwa, ndipo mwini golosale mumuitane akhale nawo. Ngati wasunga zimene munagwirizana, zinenedwe pamaso pa anthu omwe aja amene ankafuna kuti atsekedwe. Ngati sanasunge, kalata ya kukhonsolo ipite sabata yomweyo, pamodzi ndi pepala limene anasayina.